Kusankha chojambulira mapulogalamu a pa TV pakhomo kuno ku Blantyre

Mpira wa Maule ndi Manoma umakonda kugwa Loweruka kapena Lamulungu masana, nthawi yomweyo imene kuli chinkhoswe, msonkhano wa kumpingo kapena zovuta m'dera. Nkhani za madzulo nazo zimayamba ambiri akadali pa mzere wa minibasi ku Limbe. N'chifukwa chake anthu akufunafuna chipangizo chija mumangochiuza nthawi n'kuchisiya chikujambula chokha, inu n'kudzaonera mukafika. Zipangizozi zilipo m'masitolo a m'tauni ndi ku Limbe, zotchipa ndi zodula zomwe. Koma bokosi limene likuwathandiza aneba anu likhoza kukhala lopanda ntchito m'nyumba mwanu, ndipo ogulitsa ambiri safunsa mafunso amene angaonetse zimenezi. Musanatuluke ndi ndalama, yambani mwasuzumira kuseri kwa TV yanu.

Choyamba: tsatirani waya

Waya amene amabweretsa zithunzi m'nyumbamo akuchokera kuti? Ngati akukwera pa nsungwi kapena pa paipi mpaka pa eriyo, ndiye kuti mukukoka kuchokera pa nsanja za m'dziko momwe muno. Pamene mayiko a ku Africa ndi ku Ulaya ankasiya njira yakale youlutsira TV ya analogi, tsiku lomaliza limene bungwe loona za mauthenga pa dziko lonse la ITU linaika linali 17 Juni 2015, ndipo dziko lathu linasankha njira yotchedwa DVB-T2. Kiliye Kiliye, ya kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcasting Network Limited, pamodzi ndi GOtv, zonse zimayenda m'njira imeneyi. Ngati wayayo akuchokera pa dishi, ndiye kuti mukukoka za pa setilaiti, ndipo chizindikiro chake ndi DVB-S2. Kumeneku n'kumene kuli DStv, Azam TV, Zuku ndi madishi aja ongolozetsa ku matchanelo aulere.

T2 kapena S2: lembani pa kapepala, muike m'thumba. Bokosi la T2 silikoka kanthu pa dishi, la S2 silikoka kanthu pa eriyo. Alipo ena olembedwa Combo okhala ndi zibowo zonse ziwiri, ndipo ngati pakhomo pali eriyo ndi dishi, amenewa amachepetsa chipwirikiti cha mawaya ndi marimoti pa tebulo.

Muli kuseri komweko, yang'ananinso TV yeniyeniyo. Ma TV ambiri atsopano a Hisense, Samsung ndi LG ali ndi T2 mkati, ndipo ena mwa iwo amajambula okha mukalumikiza disiki pa USB. Lowani mu menyu mufufuze mawu akuti PVR kapena Record, osonyeza kuti TV-yo imajambula. Mukawapeza, mwina simukufunikanso bokosi lina lililonse. Kuipa kwake n'kwakuti ma TV ambiri amamangirira zojambulazo pa TV yomweyo, moti disikiyo mukapita nayo kwa achimwene ku Chilomoni siikatsegula.

Chachiwiri: matchanelo anu ndi otseka kapena otsegula?

Apa m'pamene ndalama za anthu zimalowera m'madzi. Matchanelo olipira amabwera otsekedwa, ndipo makiyi ake ali m'dikoda ya kampani imene mumailipirayo. Bokosi logula pa sitolo wamba silingatsegule SuperSport, ngakhale wogulitsa alumbire motani. Mukalisakitsa matchanelo lidzakuonetsani mayina ambirimbiri, koma pambali pa otsekedwawo pamakhala kachizindikiro ka dola kapena ka loko, ndipo mukadina pamangoti bii.

Ngati zimene mukufuna kujambula zili pa DStv, njira yake ndi Explora, dikoda yaikulu ija yokhala ndi disiki mkati. Yaing'ono ya HD siijambula. Explora imatha kujambula tchanelo ina inu mukuonera ina, ndipo kuikonzera nthawi n'kosavuta chifukwa ndondomeko ya mapulogalamu imakhala yathunthu: mumasankha mpirawo, kudina batani lojambulira, basi. Koma werengerani zonse musanasangalale. Pa dishi pamafunika Smart LNB, mtundu wapadera wa kachipangizo kaja kamakhala kutsogolo kwa dishi, ndiye pali ndalama ya kachipangizoko ndi ya wodzamanga. Mwezi uliwonse palinso ndalama ina yapadera pamwamba pa phukusi lanu, imene amaitcha Access Fee, ndipo mukapanda kuilipira kujambulako kumaima. Zojambulazo simungazikopere pa fulashi, ndipo kuziona kumadalira kuti akaunti yanu ikhale yolipiridwa. Kumbukirani kuti mu Ogasiti 2023 MultiChoice, kampani ya DStv, inalengeza kuti ikuchotsa DStv m'Malawi chifukwa cha mkangano wa mitengo ndi MACRA, bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu, n'kudzabwereranso kumapeto kwa chaka chomwecho. Kwa ine Explora ndi ya munthu amene amalipira kale phukusi lalikulu mwezi ndi mwezi osadumphitsa. Ngati mumalipira nyengo ya ligi yokha, mudzakhala ndi disiki yodula imene ikungogona miyezi yonse imene ligi yatseka.

Kwa a Azam, Zuku, GOtv ndi Kiliye Kiliye, funso ndi limodzi ndipo mukalifunse ku ofesi kapena kwa ejenti wawo, dikoda yanu ili m'manja: kodi mtundu uwu umajambula pa USB? Kukhala ndi kabowo ka USB si umboni. Pa madikoda ambiri kabowoko n'kongolowetsera mapulogalamu atsopano a makinawo.

Ena amaganiza zolumikiza waya wa HDMI wochokera pa dikoda ku kachipangizo kojambulira pa kompyuta. Nthawi zambiri sizitheka, chifukwa pa HDMI pamakhala chitetezo chotchedwa HDCP choletsa zimenezo. Musataye nazo nthawi.

Ngati zimene mumakonda ndi matchanelo aulere, monga nkhani, zokambirana, mapemphero, masewero a kuno kwathu ndi mpira wa m'dziko muno ukamaonetsedwa, ndiye kuti kabokosi kotchipa ka T2 kapena S2 kokhala ndi PVR kakukwanirani. Zotsatirazi zikukhudza kwambiri inuyo.

Chachitatu: ku sitolo

Musakafike n'kunena kuti mukufuna DVR. Kwa ogulitsa zamagetsi ambiri, DVR ndi bokosi la makamera achitetezo, lija la zibowo zozungulira zinayi kapena zisanu ndi zitatu kumbuyo. Limenelo lili ndi disiki ndithu, koma mulibe chokokera TV. Nenani kuti, “Achimwene, ndikufuna dikoda ya T2 yojambula pa fulashi,” adzamva.

Pa katoni werengani zinthu zinayi. DVB-T2, ndi 2 wakeyo, chifukwa lolembedwa DVB-T yokha ndi lakale ndipo silikoka kuno. PVR kapena USB Record. H.265 kapena HEVC, njira yatsopano yopanikizira zithunzi, chifukwa bokosi lodziwa H.265 limadziwanso H.264 yakale ija, pomwe lodziwa yakale yokha limatulutsa mawu opanda chithunzi likakumana ndi tchanelo yatsopano. Chomaliza ndi zibowo zotulutsira zithunzi: ngati TV yanu ndi yachikale ija ya msana, onetsetsani kuti pali malo a mawaya atatu, wachikasu, wofiira ndi woyera, osati HDMI yokha.

Samalani ndi katundu wochokera kunja, kaya wa m'makontena kaya wotumizidwa ndi abale. Mabokosi a ku America amayendera ATSC ndipo ambiri amafuna magetsi a 110, pomwe athu ndi a 230. A ku Japan ndi ku Brazil ndi a ISDB-T. Onsewa sakoka kanthu kuno. A ku UK a Freeview ena ndi a T2 ndithu, ndipo pulagi yake ya mano atatu ndi yofanana ndi yathu, koma anawakonzera ndondomeko ya mapulogalamu ya kwawoko, ndiye musalipire musanaone akugwira pa eriyo ya kuno.

Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho yendani masitolo atatu kapena anayi musanatulutse chikwama. Ndipo lisiti likhale lolembedwa dzina la bokosilo ndi masiku obwezera.

Chachinayi: kujambula kwina, kuonera kwina

Kabokosi kotchipa kamakhala ndi tyuna imodzi, kutanthauza kuti kamakoka malo amodzi pa nthawi imodzi. Mukamajambula mpira, bambo a m'nyumba sangasinthe kupita ku tchanelo iliyonse imene afuna. Mabokosi ena amalola kusintha pakati pa matchanelo amene amaulutsidwa pa mpita umodzi, ena amakaniratu, ndipo oipitsitsa amangodula kujambulako osafunsa. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada: pa tyuna imodzi sankhani chimodzi.

Njira yotchipa yozembera vutoli ilipo ngati TV yanu ili ndi T2 mkati. Gulani kogawira waya, waya mmodzi apite ku bokosi, wina ku TV. Bokosi lizijambula zake, TV izionetsa zake. Dziwani kuti kogawirako kamachepetsa mphamvu ya siginolo ya eriyo, ndiye zimayenda bwino kumene eriyo imakoka kale mwamphamvu.

Chachisanu: posungira

Bokosi limabwera lopanda posungira, ndipo apa m'pofunika kuchita masamu pang'ono. Tchanelo youlutsa pa liwiro la 1 Mbps imadya pafupifupi 450 MB pa ola. Matchanelo wamba amakhala cha pa 2 Mbps, ndiye tingoti 1 GB pa ola. A HD amafika 6 mpaka 8 Mbps, kutanthauza 3 GB kapena kuposerapo pa ola. Mpira umodzi, kuphatikizapo nthawi yopumula ndi zoyankhula za akatswiri, ndi maola awiri ndi theka: pa tchanelo wamba 2.5 GB, pa HD 8 GB kapena 9. Fulashi ya 32 GB imadzaza ndi mipira itatu kapena inayi ya HD. Disiki ya 1 TB, imene pa makina imaoneka ngati 931 GB, imasunga maola pafupifupi 300 a HD kapena 900 a matchanelo wamba. Pa banja wamba ya 500 GB ndi yokwana n'kutsalako.

Fulashi ndi yoyambira chabe. Kujambula TV n'kulemba kosalekeza kwa maola, ndipo mafulashi otchipa amatentha, kuchedwa, kenako chithunzi chimadumphadumpha. Choipa kwambiri ndi mafulashi abodza amene adzaza m'misika. Kunja palembedwa 128 GB, kompyuta nayo ikuonetsa 128 GB, koma mkati muli 8 yokha. Imalandira zonse mwaulemu, ndipo mumadzazindikira tsiku loonera kuti mafayilo sakutseguka. Pa kompyuta ya Windows pali kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw kamene kamadzaza fulashi yonse n'kuiwerenganso. Ngati mulibe kompyuta, pitani kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni, aidzaze ndi mavidiyo mpaka pakamwa, kenako atsegule oyambirira ndi omalizira omwe inu mukuona.

Njira imene ndimaikonda ndi disiki ya laputopu yakufa. Okonza makompyuta amakhala nazo zambiri, ndipo mukaigulira kachikwama kake ka USB yasanduka disiki yapanja pa mtengo wochepa. Muuzeni wokonzayo akuonetseni thanzi la disikiyo pa kompyuta musanalipire.

Disiki ili ndi vuto lake limodzi. Kabowo ka USB 2.0 kamapereka 500 mA basi, ndipo madisiki ambiri amafuna yoposa pamenepo akamayamba kuzungulira. Mukamva ikulira kuti tiki, tiki, tiki, kagetsi kake kakuyaka n'kuzima, bokosi likuti palibe disiki, sikuti yafa ayi, ikungosowa mphamvu. Mankhwala ake ndi waya wa mitu iwiri, mutu wachiwiri n'kuulowetsa pa tchaja ya foni, kapena kogawira USB kokhala ndi adaputa yakeyake. Disiki ya mtundu watsopano yotchedwa SSD ilibe mota yozungulira ndipo siivuta choncho, kungoti ndi yodulirapo.

Mukalumikiza, lolani bokosi lenilenilo lifomate disikiyo kudzera mu menyu yake. Kufomata kumafufuta zonse, ndiye zithunzi za ukwati muyambe mwazisamutsa. Likakufunsani pakati pa FAT32 ndi NTFS, sankhani NTFS. Pa FAT32 fayilo imodzi siingapitirire 4 GB. Mabokosi abwino amaidula n'kupitiriza pa fayilo yachiwiri, koma ena amangoima pomwepo, ndipo pa HD malire amenewa amakwana chigawo chachiwiri cha mpira chili mkati.

Chachisanu ndi chimodzi: magetsi

Chojambulira chimagwira ntchito inu kulibe, ndipo nthawi imeneyo palibe woyatsa jenereta kapena wodina batani magetsi akabwera. Amene anakhala mu Blantyre namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, akudziwa kuti ndondomeko ya kuzima kwa magetsi siifunsa kuti lero kuli fainolo. Ndiye nkhani ya magetsi ilowe m'kasankhidwe ka bokosi, isadikire kuti mwagula kale.

Tembenuzani bokosilo muone polowera magetsi. Ena ali ndi waya wotulukira mkati wopita pa soketi, ena ali ndi kabowo kozungulira ndi adaputa yapadera ya 12V kapena 5V. Tengani la adaputa. Adaputa ikapsa mumagula ina, bokosi n'kupulumuka. Chachikulu n'chakuti la 12V limatha kuyendera ka UPS kakang'ono kaja anthu amaikira rauta ya intaneti, kapena batire la sola. Kabokosi ndi disiki yake zimadya mphamvu yochepa, yosasiyana kwenikweni ndi babu limodzi la LED, ndipo pojambula TV siifunika kuyaka. Nyumba yonse ikhoza kukhala mumdima kabokosiko kakupitiriza ntchito yake. Onetsetsani kuti mavoti olembedwa pa UPS ndi ofanana ndi a pa bokosi, chifukwa 12V pa bokosi la 5V ndi utsi nthawi yomweyo.

Popanda batire, magetsi akazima pakati pa kujambula simutaya mphindi zotsalazo zokha. Nthawi zina fayilo yonse imawonongeka, ndipo zikachitika kawirikawiri disiki imayamba kupempha kufomatidwa. Mayunitsi akatha pa mita zotsatira zake n'zomwezo, ndiye suzumirani pa mita musanatseke chitseko.

Magetsi pobwera amabwera ndi ukali, choncho ikani kotetezera kaja kamadikira kaye mphindi zingapo kasanalole magetsi kudutsa. Nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphenzi imalowanso kudzera pa waya wa eriyo kapena wa dishi, kumene kotetezera ka pa soketi sikafikako. Kukayamba kugunda inu muli pakhomo, zulani waya wa eriyo, pulogalamuyo ipite.

Chachisanu ndi chiwiri: yesani tsiku lomwelo

Mukafika nalo kunyumba musadikire Loweruka. Sakitsani matchanelo, kenako dinani Info kawiri muone mizere iwiri, wa Strength ndi wa Quality. Wofunika ndi wa Quality. Bokosi limasunga ndendende zimene lalandira, ndiye ngati chithunzi chimasweka timabokositimabokosi mukamaonera, chidzaswekanso pa zojambula. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe, Bangwe, ndipo nyumba ya m'chigwa ku Chilobwe siikoka mofanana ndi ya pamtunda ku Namiwawa. Ka eriyo ka m'nyumba pansi pa denga la malata n'kongodzivutitsa. Kwezani ya panja, muone kumene aneba alozetsa zawo, ndipo wina azitembenuza pang'onopang'ono wina akuwerenga mzerewo pa TV. Polumikizira waya pa eriyo kulungani bwino ndi tepi kuti madzi asalowe.

Kenako nthawi. Timabokosi tambiri tilibe wotchi yosunga nthawi tikazima, timaitenga pa siginolo ya tchanelo. Mu menyu ikani GMT+2, ndipo pa Summer Time pakhale Off. Mukalakwitsa apa mudzapeza mwajambula ola lolakwika.

Tsopano yesani motere. Konzani kuti lijambule mphindi zisanu kuyambira mphindi khumi zikubwerazi, lizimitseni ndi rimoti, mukhale pansi muone ngati lidzuke lokha. Likatha, konzaninso kachiwiri, koma ulendo uno zulani pulagi pa khoma, dikirani pang'ono, bwezeretsani. Onani ngati layaka lokha, ngati nthawi yabwerera yolondola, komanso ngati likukumbukira zimene munalikonzera. Bokosi loiwala magetsi akazima ndi lobweza mawa lomwe, lisiti lili m'manja.

Pa matchanelo a kuno ndondomeko ya mapulogalamu yooneka pa bokosi (EPG) nthawi zambiri imakhala yopanda kanthu kapena yosagwirizana ndi zimene zikuonetsedwa, choncho zolowerani kulemba nokha tchanelo, tsiku, nthawi yoyambira ndi yothera. Yambitsani mphindi zisanu nthawi isanakwane. Kumapeto musaumire: mwambo wa boma ukatalika mapulogalamu onse a madzulo amasunthika, ndipo mpira wa chikho ukhoza kupita ku mphindi 30 zowonjezera ndi mapenate. Onjezerani mphindi 45, zotsalazo mudzafufuta.

Okonda mpira wa ku England asamale ndi kujambula kobwereza sabata ndi sabata. Kumeneko amasintha mawotchi Lamulungu lomaliza la Malichi ndi la Okutobala, pomwe ife sitisintha. Mpira wa 3 koloko masana kwawoko umayamba 4 koloko kuno mu Ogasiti ndi Seputembala, koma kuyambira kumapeto kwa Okutobala umayamba 5 koloko.

Pochotsa disiki, yambani mwaimitsa kujambula n'kuzimitsa bokosi. Mafayilo a timabokosi ta matchanelo aulere amakhala a mtundu wa .ts, ndipo pa kompyuta kapena pa foni amatseguka ndi VLC, pulogalamu yaulere. Zojambulazo n'zoonera inu ndi a pabanja panu. Kukazionetsa molipiritsa pa vidiyo sho kapena kuzikopera anthu pa mafulashi n'kumagulitsa ndi nkhani ina, yokhudza lamulo la zokopera la 2016, ndipo amene akufuna kuchita bizinesi yotere ayambe wakaonana ndi a bungwe loona za zokopera la COSOMA komanso eni tchanelo.